Mdima wa kwa Wometa

Aliyense amene anakhalako ku Chongwe, tauni yathu yogona m'mbali mwa msewu waukulu wochoka ku Lusaka kunka ku Chipata, adziwa kuti munthu wa kuno akhoza kuvomera ngongole, akhozanso kuvomera kuti mbuzi yake ndiyo inadya chimanga cha mnansi, koma kuvomera pagulu kuti nkhani yamupita pambali, makamaka ikakhala yotamandidwa kutsidya kwa nyanja, ndi manyazi oposa kugwa m'matope tsiku la ukwati.

Loweruka lina, ine nditakhala pampando wa wometa, nsalu ili m'khosi, panafika mnyamata wophunzira ku Chalimbana atatenga filimu ya David Lynch ya 2001 yotchedwa Mulholland Drive. Ndipo asanaiike pakanema anatilengezera kuti mwini wakeyo analandira nayo mphotho ku Cannes, ndi kuti mu 2016 a BBC atafunsa akatswiri 177, iwo anaiika patsogolo pa mafilimu onse otuluka chiyambire 2000. Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Pakumva 177, aphunzitsi athu opuma ntchito anapukuta magalasi, ndipo akulu a mpingo, amene anangodzera kudzatchajitsa foni, anakoka benchi.

Chiyambi chinali chomveka: mkazi apulumuka pangozi ya galimoto usiku ku Los Angeles, aiwala dzina lake, ndipo m'chikwama chake mupezeka ndalama zambiri ndi kiyi wabuluu. Apa kondakitala wina wa minibasi anaweruza msanga kuti kuiwalako n'kwadala, pakuti iye amakumana nako tsiku lililonse ikakwana nthawi yolipira. Koma nkhani itayamba kusokonekera, anthu achilendo akulowa ndi kutuluka popanda wowalonjera, ife tonse tinayamba kugwedeza mitu mwaulemu, yense akuba mnzake ndi diso kuti aone ngati uyo wamva.

Tsono panafika pamene mkazi uja atsegula kabokosi kabuluu, chithunzi n'kulowa m'kati mwake, kanema yense n'kuda bii! Makina a wometa nawo analeka kulira, ndipo tinati walemekeza luso. Tinakhala chete nthawi yokwana kuphika ndiwo zamasamba. Pamenepo aphunzitsi anaimirira, nalongosola modekha kuti mdimawo ndiwo mtima wa filimu yonse, chifaniziro cha munthu wotaya makolo ake. Akulu a mpingo anawatsutsa mwaulemu, nati ndi mimba ya chinsomba cha Yona. Ndipo ine ndemwe, ndisabise, ndinaonjeza kuti mdima wotere sungajambulidwe ndi munthu wamba. Farao anali ndi Yosefe mmodzi, ife tinali nawo asanu ndi awiri m'kachipinda kamodzi.

Mwana wogulitsa vitumbuwa ndiye anasuzumira pakhomo.

"Agogo, malaiti ayenda kalekale. Ndi kuchigayo komwe kwazima."

Palibe anaseka. Aphunzitsi anati anadziwa kuyambira pachiyambi, ankangotiyesa; ndipo mnyamata wa ku Chalimbana, pofuna kutitonthoza, anatiuza kuti filimuyi inayamba ngati sewero la pa wailesi yakanema limene a ABC analikana, ndi kuti Lynch mwiniyo mpaka imfa yake mu January 2025 sanalole kumasulira tanthauzo lake. Mawu amenewa anatikondweretsa koposa, pakuti mwini maloto akakhala chete, womasulira aliyense ndi mneneri.

Mbali yotsala sitinaione, chifukwa magetsi anabwera pakati pa usiku, mnyamata atabwerera kusukulu. Komabe mukafika kumsika lero mudzamva kuti filimuyo ndi yozama, ndipo oitama kwambiri ndi amene panalibe. Ine ndinapita kutchalitchi m'mawa mwake mutu uli wometa mbali imodzi, ndipo K20 yanga wometa sanabweze.