Asiyeni a Dzenje, ndi eni mzinda

Nkhani yokonzanso pakati pa tawuni ya Zomba ikangoyambika ku khonsolo, oyamba kutchulidwa pa mndandanda wa oti asamuke amakhala a Dzenje. Mavenda ali ndi komiti yawo yowalankhulira, a kabaza ali ndi tcheyamani, a minibasi akakwiya mzinda wonse umayenda wapansi. Koma a Dzenje, amene angokhala phee pakati pa msewu osatukwana munthu, alibe wowaimira ndi mmodzi yemwe. Lero ndiwaimira ine.

Zomba ndi mzinda wozolowera kusiyidwa. Unali likulu kuyambira 1891, nthawi ya Harry Johnston, mpaka 1975 pamene Kamuzu anasamutsira boma ku Lilongwe. Nduna zinapita, alembi anapita. Nyumba ya Malamulo inakakamirako pang'ono, koma nayonso pofika 1994 inalongedza. Ana a ku Chanco amafika ndi sutikesi imodzi, zaka zinayi zikatha amanyamula digiri ulendo wa ku Blantyre. Asilikali a ku Cobbe Barracks amasamutsidwa, ndipo ngakhale a kundende yaikulu ija amawerenga masiku oti atuluke. Ndani mumzinda muno amene sanapemphepo transifa? A Dzenje okha. Dzuwa liwombe, mvula igwe, boma lisinthe, mukawapeza pomwe munawasiya, atanenepako pang'ono.

Mtundu wawonso si wamba. Gogo wawo ali pamwamba pa phiri, dzenje la Chingwe, limene alendo amalipira wowatsogolera kuti akalisuzumire. Akale amati gogoyo ankameza anthu. Zidzukulu za kumunsi kuno n'zoleredwa bwino: zimangolandira tayala, sipuling'i, mwina thireyi ya mazira ya mayi amene wakwera kabaza, mwini wake n'kumubweza wamoyo. Oganiza zokopa alendo aone bwino apa. Mzungu amakwera phiri lonse lija, kudutsa ku Chawe, kukaona dzenje limodzi lokha, pamene akanangolowa njira za ku Chikanda, ku Sadzi kapena ku Chinamwali akanaona mbumba yonse popanda tikiti.

Kabadwidwe kawo ndiye kamandigwira mtima, chifukwa a Dzenje ndi mwana wa tonse. Wocheka matabwa m'phiri ndi wotentha tchire m'chilimwe amameta mitengo, kuti madzi a mvula asachedwe m'njira potsika. Ife a m'tawuni timakonzeratu ngalande: jumbo ya chipisi, chikonyo cha chimanga chootcha, makoko a nzimbe, botolo la pulasitiki, zonse timaponya m'menemo mpaka kalavati atatsekeka. Madzi akasowa podutsa amakwera pa phula, n'kulowa m'kamng'alu kochepa, dothi la pansi n'kufewa. Kenaka lole ya mchenga wa mu Likangala ipondapo kamodzi, kawiri. M'mawa mwake kadzenje kabadwa, kakang'ono ngati mbale ya ndiwo. Pofika Febuluwale kamera mano. Namondwe wa Freddy uja, mu Malichi 2023, anangothandizira ntchito imene tinali titaiyamba kale ndi manja athu.

Tsono ntchito zawo muziwerenge nokha. Kwina amawononga ndalama kumanga mahampu ndi kuimika zikwangwani kuti madalaivala achepetse liwiro, koma dalaivala wa Sienta samvera chikwangwani. A Dzenje amawamvera. Amafika pamenepo mwaulemu, kutsika giya, kupendeka mbali imodzi, wina mpaka kutchula dzina la Mulungu limene sanalitchule sabata yonse. Ndipo a Dzenje alibe tsankho. Prado ya bwana ndi njinga ya wogulitsa makala zonse zimagwada chimodzimodzi. Ndi ofesi iti m'dziko muno imene imalandira anthu chomwecho?

Ganyu naye amapereka. Taonani anyamata awiri aja, wina ndi wilibala, wina ndi fosholo yothyoka mpini. Amathira zibuma za njerwa ndi dothi lofiira, kupondaponda ndi zidendene, kenaka kutambasula dzanja galimoto ikamadutsa: "Bwana, ya madzi akumwa, takukonzerani msewu." Mvula ya usiku imakokolola dothi lonse, m'mawa ntchito ilipo yatsopano. Pa Chingeni boma linachita kumanga geti ndi kulemba anthu kuti litolere ndalama za msewu; kuno zimayenda popanda geti, popanda lisiti. Womata matayala, wowotcherera, wogulitsa mashoko akale, onsewa ana awo amapita kusukulu ndi fizi yochokera kwa a Dzenje. Ndipo akazama kwambiri, munthu wachifundo amazikapo nthambi kapena thunthu la nthochi kuti odutsa usiku azipewa. Mwa mitengo yonse yodzalidwa mu Zomba, umenewo wokha ndi umene sukhala ndi woudula.

Chimene ndimawalemekezera koposa ndi kusanama. Msewu watsopano ukatsegulidwa pamakhala riboni, gule ndi zolankhula, phula lili bii, kunyezimira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wowerengera ndalama za boma angatenge zaka kuti atulutse lipoti, lipotilo n'kukagona m'kabati. A Dzenje lipoti lawo amalitulutsa mvula yoyamba, poyera, pamene aliyense angalione: apa phula linali lopyapyala, apa miyala ya pansi inachepa, apa ngalande inalembedwa papepala pokha. Sadya alawansi, salandira kanthu m'envulopu.

Ndale nazonso amazidziwa. Msewu waukulu wa M3 uli m'manja mwa Roads Authority, misewu ya m'kati ndi ya khonsolo, choncho a Dzenje anzeru amakonda kukhala pamphambano, pamene wina angaloze mnzake chala mpaka mvula ina itabwera. Mlendo wamkulu akamabwera ku mwambo wa ku yunivesite, amalola kukwiriridwa mwachangu kuti mzinda usachite manyazi, mlendoyo akangotembenuka iwo n'kudzuka. Chaka cha chisankho amapumula miyezi ingapo. Kudzichepetsa kotere n'kosowa masiku ano.

Pena ndimawamvera chisoni a khonsolo. Zomba anapatsidwa ulemu wa mzinda mu 2008, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 105,000, onsewa akufuna msewu, magetsi a m'misewu, msika waukhondo ndi woola zinyalala. Ndalama zake n'zochokera ku misonkho ya nyumba ndi timatikiti ta kumsika, pamene nyumba zikuluzikulu zambiri, zosiyidwa ndi likulu lija, mwini wake ndi boma lomwe. Ndiye chotsika mtengo ndi pulani. Pulani ndi yokongola, ndaionapo mitundu yake: misewu yosalala, mitengo ya maluwa mbali zonse, anthu ojambulidwa akuyenda ndi manja m'thumba, popanda ndi mmodzi yemwe wosenza dengu la tomato. Koma a Dzenje mapulani sawaopa. Anaona Operation Dongosolo ya 2006 ikusesa mavenda m'misewu ya mizinda yathu, anaonanso mavendawo akubwerera mmodzimmodzi ndi timatebulo tawo. Munthu amene waona zimenezo sangatekeseke ndi chithunzi cha pakompyuta.

Ndikuuzani chinsinsi, poti ndinu a pakhomo. Mdani weniweni wa a Dzenje si katswiri wa mapulani, si meya, si wa kontirakiti wa makina akuluakulu. Ndi bambo wamba wa ovolosi ndi majombo, wonyamula fosholo, amene amalowa m'ngalande mu Okutobala mvula isanagwe n'kufukula zinyalala, mnzake akumata timing'alu ndi ndowa ya phula. Anthu awiri amenewa atamalipidwa pa nthawi yake chaka ndi chaka, mbumba yonse ya Chingwe ya kumunsi kuno ikhoza kutha osasiya mbewu. Mwamwayi ntchito yawo ilibe riboni, ndipo palibe amene angajambulitse chithunzi pambali pa kalavati wotseguka.

Choncho makhansala athu olemekezeka, pitirizani misonkhano, jambulani mapulani ena okongola kuposa akale, kambiranani ngakhale kunyanja ngati mpweya wa kuno sukukwanirani. Koma chonde, bambo wa fosholo uja musamulembe ntchito. Nanunso owerenga, mukamaliza chipisi chanu, jumbo mukudziwa koiponya.