Mpweya wokha ndiwo sunakwere mtengo

Popeza akuluakulu amalengeza chuma chawo akamakhala pampando, nanenso ndati ndilengeze changa lero, mwina mawa angandiganizire unduna. Ndili ndi pikapu imodzi yakalekale, ya kabuleta, imene inafika kuno ku Mangochi imvi zisanandipeze. Ndili ndi ngolo yokoka ya matayala awiri osiyana mitundu. Ndili ndi ngongole pagolosale ina imene masiku ano ndimailambalala. Ndipo ndili ndi mpweya, malita ankhaninkhani, umene sindinaulipirepo ngakhale tambala.

Chuma chomalizachi ndinachidziwa mafuta atakwera. Mukukumbuka kuti mu Novembala 2023, Kwacha itagwa ndi 44 peresenti, lita ya petulo inafika pa K2,530. Tinalira, tinapukuta misozi, tinapita kukagona pamizere. Kenaka mu Okutobala 2025 kunabwera K3,499. K3,500 inali ya dizilo. Ife a petulo anatikomera mtima, anatisiyira Kwacha imodzi kuti tikagulire ana maswiti. Kwacha yangayo ndinkaifunsa papampu, mnyamata womwetsa mafuta ankangondiseka.

Ndili m'kati modandaula pakhonde, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira umakaniko kukoleji, anandifunsa kuti, "Malume, kodi mukudziwa kuti galimoto yanu imamwa mpweya wambiri kuposa petulo?" Anati kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino mu injini, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Tikawerenga m'malita, lita imodzi ya petulo imayenda ndi malita pafupifupi 9,000 a mpweya. Ndinatenga cholembera. Ndikathira malita 40, ndiye kuti ndatenga malita 360,000 a mpweya osasiya ndalama paliponse.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti atsitse mawu. Nkhani yotereyi ikangomveka ku Lilongwe, bajeti ikubwerayi mudzamva za msonkho wa mpweya. Adzatikolowekera mita paboneti, ya mayunitsi, ndipo munthu uzidzaima pakati pa mlatho n'kumaimbira mkazi wako kuti akutumizireko mpweya wa K2,000.

Usiku ndinawauza mayi akunyumba monong'ona kuti anakwatiwa ndi mpondamatiki. Anandimvetsera mpaka pamapeto, kenaka anati, "Chabwino abambo ake, mawa mupunguleko malita awiri, mukagulire utaka."

Sabata yomweyo kunabwera alamu anga a ku Makanjira. Anali atagula boti lamatabwa cha kwa Mponda, koma ndalama zinathera pa boti lomwelo, ya injini inalibe. Kupalasa mpaka kwawo ndi mphepo ya mpoto ili kumaso, anyamata awo anakana. "Alamu, si inu muli ndi galimoto ndi ngolo?" Malipiro ake anali ndowa ya usipa, nsomba zikadzagwidwa, injini ikadzagulidwa, ndalama ikadzapezeka. Mafuta ndithire ndekha. Mayi akunyumba anali chilili pakhomo akundiyang'ana. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Komanso ndinadzilimbitsa mtima kuti pa malita 9,001 alionse amene galimoto idye, ine ndilipira imodzi yokha. Ndani angakane bizinesi yotero?

Tinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi mamawa, Shire ali pansi, boti lili pamwamba. A kabaza anaima kuti aone bwino. Asodzi a m'mabwato anakweza mitu, ndipo mmodzi anakuwa kufunsa ngati madzi a kumwambako ali ndi chambo. Ine ndinangoyang'ana kutsogolo mwaulemu wa munthu wachuma.

Kupitirira Malindi nkhani inasintha. Fumbi linayamba, lofiirira, lolowa m'mano, ndipo njinga yamoto iliyonse yotipitirira inkatisiyira gawo lathu. Galimoto inayamba kutsokomola. Ndikaponda moto inkangolira osapita, kumbuyo utsi wakuda uli tolotolo, kasingano ka mafuta kakutsika ndikuona ndi maso. Pakamtunda kena kosati n'kutchula, kamene mayi wosenza nkhuni amakwera akucheza, ife tinakwera pa giya wani. Injini inkapuma ngati munthu wachimfine amene wasenzetsedwa thumba la chimanga. Alamu anati mwina wina watitchera mankhwala, poti kwawo boti latsopano silisangalatsa aliyense.

Makaniko tinamupeza pansi pa mtengo wa mango, masipana ali m'chigoba cha batire. Sanafunse zambiri. Anatsegula boneti, anamasula kanati ka pamwamba pa chimbale chophimba kabuleta, n'kutulutsa eyakilina. Sefa imeneyi pogula imakhala pepala loyera lopindidwa bwinobwino. Yangayi inali ya mtundu wa njerwa yootcha, mipata yonse itatsekeka. Anaigogoda patayala, ndipo panagwa dothi, mankhusu, mapiko a agulugufe ndi kanthu kena kamene nkhuku inathamangira kukatola. Anaikweza kuloza kudzuwa, kuwala sikunadutse ngakhale pang'ono.

"Madala, galimotoyi mumaipatsa dothi dala? Apatu mukhoza kudzalapo chinangwa."

Ndinamuuza kuti ine ndine mwini wa mpweya wochuluka. Anati mpweyawo ulipodi, koma waima panja, pakhomo patsekedwa. Mmene anafotokozera, kabuleta saganiza. Injini ikakoka, iye amapereka. Sefa ikatsekeka, injini imakoka mwamphamvu, mpweya umalowa wochepa, ndipo mphamvu yokokayo imatulutsa petulo wochuluka. N'chimodzimodzi kuyenda ulendo wonse utakoka choko. Petulo wosapsa bwino ndiye utsi wakudawo, ndiye mwaye wa pa mapulagi. Galimoto ikakhala yopanda katundu, phazi lili pang'ono, vutoli limabisala. Koma ukakoka ngolo phazi limakhala pansi nthawi zonse, injini imafuna mpweya wonse umene ingathe kumeza, ndipo m'pamene sefa yotsekeka imakulanga. Mwachidule, chaulere chinatsala panja, chogula n'kumagwira ntchito ya onse awiri.

Apa n'kuti anthu atasonkhana, ndipo mukudziwa kuti Mmalawi aliyense woima pafupi ndi boneti yotsegula ndi injiniya. Wina anati ingochotsani sefayo, galimoto ipume momasuka. Wina anati mangani sokosi pakamwa pa kabuleta, malume ake anayenda choncho mpaka ku Lichinga. Wina anati ichapeni ndi sopo. Wina anati mukaiuzire ndi kompulesa ikhala yatsopano. Ine mtima unali pa uphungu woyambawo, chifukwa sunkafuna ndalama. Ndinaimbira mwana wa mlongo wanga, ndipo anakuwa mpaka alamu anamva. Anati fumbi ndi mchenga wosalala, ukalowa mu injini umapala maring'i ndi masilinda pang'onopang'ono, kenaka galimoto imayamba kumwa oyilo ndi kutulutsa utsi wabuluu, mapeto ake n'kugwetsa injini yonse. Sefa ya pepala sachapa. Kompulesa yamphamvu imatha kuboola timabowo tosaoneka ndi maso, fumbi n'kumadutsa mwaufulu iwe ukuganiza kuti wasamala. Kugogoda pang'ono kumakufikitsa kumene ukupita, koma mankhwala ake ndi kugula ina.

Inapezeka kwa mkulu wina wogulitsa zipangizo za njinga zamoto, itakhala pashelefu kuyambira nthawi ya chipani chimodzi. Mtengo wake ndinayamba kuumva ndili chiimire, ndinamaliza ndili pansi. Umu ndi mmene zilili ndi chuma changa: mpweya ndi waulere, koma khomo lolowera ndi logula.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachimva titabwerako. Mnyamata wa kukoleji uja anandiwerengera pafoni kuti mu 2009 akatswiri a ku Oak Ridge National Laboratory, ku Tennessee m'dziko la America, anafufuza nkhani yomweyi. Anatenga galimoto zingapo n'kuzitseka masefa dala. Taganizani, anthu kuononga ndalama za boma kutseka masefa, pomwe akanangobwera ku Makanjira tikanawatsekera tsiku limodzi popanda kulipira. Anapeza kuti galimoto zamakono za injekishoni sizimwa mafuta ochuluka sefa ikatsekeka. Muli kachipangizo koyeza mpweya wolowa, ndipo kompyuta ikaona kuti wachepa imachepetsanso petulo. Chimene chimatayika ndi mphamvu: sefa yatsopano inkathandiza galimotozo kunyamuka msanga ndi 6 mpaka 11 peresenti. Koma galimoto ya kabuleta, Pontiac ya 1972, ndiyo inaonetsa kusiyana pa mafuta. Kwa galimoto zotere kusintha sefa kumapulumutsa 2 mpaka 6 peresenti, ndipo kumatha kufika 14 ngati inatsekeka koopsa.

Ndiye onani chilungamo cha dziko lapansi. Bwana wa galimoto yatsopano, amene akhoza kugula petulo osayang'ana pampu, kompyuta imamusungira mafuta. Ine wa ngongole pagolosale, kabuleta amandikhapa. Koma nanunso a injekishoni musaseke kwambiri. Mphamvu yotayikayo simuimva popita kumsika, mudzaimva tsiku lokoka ngolo pamapiri a Chowe popita ku Namwera, malole a dizilo akukufukizirani utsi kutsogolo, inu mukulephera kuwapitirira.

Tibwerere pansi pa mango paja. Sefa yatsopano italowa, galimoto inasiya kutsokomola, utsi unayera, ndipo ine ndinayamba kuimba nyimbo za kwaya. Koma kasingano kanapitiriza kutsika, mwaulemu pang'ono chabe. Makaniko anali atandichenjeza kale. Anazungulira ngolo, anasuzumira m'boti, n'kufunsa ngati tikusamuka. Munali maukonde, miyala ya nangula, matumba a simenti, malata, ndi mbuzi imene alamu anati si yawo, angoithandiza. Anagwira pakati pa gudumu la ngolo, n'kuchotsa dzanja msanga: mabering'i anali ouma, opanda girizi, akutentha. Matayala onse awiri anali ofewa. Chilichonse mwa zimenezi chimadya petulo, ndipo zikaphatikizana sefa imaoneka yosalakwa kwenikweni.

Ndipo panali mdani wina amene sindinamuganizire. Mpweya womwewo, chuma changa chija. Umalowa ulere kumphuno kwa injini, koma ukakumana ndi chifuwa cha boti lili njo pamwamba pa ngolo, umakankha. Mnyamata wa kukoleji akuti liwiro ukaliwirikiza kawiri, mphepo imakukaniza kanayi: amene akuthamanga 80 akulimbana ndi mphepo kanayi kuposa wa 40. Onjezani mpoto uja amene anyamata a alamu anamuthawa panyanja. Iwo anakana kumupalasa, ine ndinamupalasa ndi petulo wa K3,499.

Pomaliza penipeni, matayala ofewa aja anafunika kupopa. Tinapeza kamnyamata kali ndi pampu ya njinga m'mbali mwa msewu. Kanapopa, kanatuluka thukuta, kanatambasula dzanja. Ndinakafunsa kuti ndikulipira chiyani. Kanati mpweya. Abale, wina anayamba kale kugulitsa. Chinsinsi ndinkabisira a ku Lilongwe chija, mwana wa sitandade 6 anachitulukira yekha, ndipo sapereka lisiti.

Pali chinthu chimodzi chimene sichindiseketsa. Mumtengo wa lita iliyonse imene timagula muli kale msonkho wokonzera misewu. Ndimaulipira ine, amaulipira wa kabaza wa njinga yamoto, amaulipira ngakhale msodzi amene injini yake imayenda pamadzi pomwe palibe msewu. Koma anthu a tsidya la kum'mawa kwa nyanjayi akhala akumva malonjezo a phula kwa zaka zambirimbiri, kampeni iliyonse, kuchokera kwa anthu obwera pa galimoto zotseka magalasi. Dothi limene makaniko anagogoda patayala lija ndi lomwelo limene amapuma mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ana opita kusukulu, ndi mayi woyembekezera amene akumuthamangitsira kuchipatala cha paboma atamukhazika panjinga. Ine ndinagula sefa ina. Iwo akagula kuti? Amene amatolera msonkhowo ayendeko mwezi wa Okutobala magalasi ali otsitsa, kenaka adzatiuze ngati tikunama.

Boti tinakalitula dzuwa litapendeka. Mbuzi inatsika yokha osatsanzika. Usipa sunafikebe, koma alamu amaimba foni kawirikawiri kunditsimikizira kuti ndowa yake anagula kale. Mayi akunyumba tsopano akamandituma kumsika amandifunsa ngati ndilipire ndi ndalama kapena ndi malita.

Inu a galimoto, Loweruka likubwerali tsegulani boneti, tulutsani eyakilina, muiloze kudzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa, gulani ina musanamange ngolo, ndipo musadikire makilomita olembedwa m'buku, chifukwa amene analemba bukulo sanayendepo kuno m'chilimwe. Popani matayala, pakani girizi, tsitsani simenti ya alamu anu, yendani pang'onopang'ono. Dzulo alamu aimbanso: boti likuchucha, ndipo mmisiri wodziwa kulimata ali kwa Mponda. Choncho mukaona boti likubwera pamsewu wa Makanjira, kutsogolo kuli pikapu yotopa, musaimbe hutala. Tsikani mudzakankhe.