Mmene mungalerere minga pakhomo n'kumaitcha maluwa

Ngati mtendere wakukwanani pakhomo panu, bzalani minga yoyanga. Sindikunena minga wamba ya kutchire imene imang'amba makabudula a abusa a ng'ombe ayi. Imeneyo ndi yaulere, choncho ilibe ulemu. Munthu wozindikira amagula minga yake ku nazale, ili m'kachitini, atayipachika kachikwangwani ka Chilatini, ndipo amalandira lisiti.

Akatswiri a khalidwe limeneli ndi Angerezi. Kwawo minga ya blackberry yadzaza kale m'mbali mwa njanji ndi m'malire a minda, koma anaona kuti yakwawoyo siikuwabaya mokwanira, n'kukatenganso ina ku China. Yotchuka pa zoyanga ndi Rubus henryi, imene inapatsidwa dzina la Augustine Henry, dokotala wa ku Ireland amene ankagwira ntchito ya kasitomu ku China n'kumatola zomera akaweruka. Ernest Wilson ndiye anaifikitsa ku England mu 1900. Imakwera mpaka mamita 6, masamba ake ndi onyezimira pamwamba, kunsi ali mbuu, ndipo sayoyoka chaka chonse. Maluwa ake ndi ting'onoting'ono tofiirira toti mlendo satiwona mukapanda kumulozera. Palinso mbale wake, Rubus cockburnianus, wa nthambi zoyera, amene Angerezi amamukonda m'nyengo yozizira masamba onse atathothoka. Ndiye kuti munthu amatulutsa ndalama, n'kuvala chijasi, kukaima pachisanu kuti aonerere ndodo zaminga. Musaseke, mukuphunzira chitukuko.

Tiyambe ndi malo. Mabuku amati chomera chokwera chija sichisankha: padzuwa chimamera, pamthunzi chimamera, dothi likhale lachonde kaya loguga. Poti icho sichisankha, sankhani ndinu, ndipo malo oyenera ndi pampanda wa pakati pa inu ndi aneba, makamaka aneba amene nkhuku zawo zinakutherani mpiru. Kumbani dzenje, thirani manyowa pang'ono, bzalani, muzithirira chaka choyamba kufikira mizu itagwira. Chisamaliro chokhudza kukula chathera pomwepa. Ofuna kuthira feteleza athire, bola ayambe atsanzika abale.

Mangani mawaya opingasa pakhoma kapena pampanda, kenaka muzimangirira nthambi ndi chingwe mofatsa, mutavala magolovesi achikopa. Mudzaona kuti minga ya mtundu uno ndi yokhota chobwerera m'mbuyo. Ndi imene chomerachi chimakwerera, pokola chilichonse chimene chayandikira, kaya ndi mtengo, chingwe choyanikira zovala, kapena mkono wanu. Dzanja limalowa bwinobwino m'chitsambamo. Nkhani imakhala potuluka.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene wogulitsa ku nazale amayamba kukamba za nyengo. Nthambi ikatalika imawerama, ndipo nsonga yake ikangokhudza dothi imatulutsa mizu. Pamenepo pabadwa chomera china chodziimira pachokha, chosafunanso mayi wake, ndipo nacho chitulutsa nthambi yake, iwerame, ikhudze dothi kutsogoloko. Mbewu zina zimakhala pamene mwazisiya, koma iyi imayenda. Chaka chino ili pampanda, chaka chamawa yadutsa pampopi, chaka chinacho ikusuzumira m'khola la akalulu. Makolo anati mlendo ndi mame, koma makolowo sanakumane ndi mlendo uyu. Mabuku amalangiza kuti muzizungulira kawirikawiri n'kumakweza nsonga zonse zisanafike pansi. Malangizo abwino ndithu kwa munthu amene sapita kuntchito, kumaliro kapena kutchalitchi.

Kudulira n'kosavuta pakamwa. Pa mitundu yambiri ya banja limeneli nthambi imakhala zaka ziwiri: chaka choyamba imakula, chachiwiri imachita maluwa, kubereka, n'kufa. Muzu wokha ndiwo sufa. Nthambi zakufazo muzizidula patsinde, podziwa kuti imfa siichotsa minga, imangoiumitsa. Wa nthambi zoyera uja ngwodula yense mpaka pansi chisanu chikatha, popeza zoyera bwino ndi mphukira zatsopano. Ntchito yonseyi, kunena zoona, si yanu. Inu imani pakhonde ndi kapu ya tiyi muziloza, mnyamata wosamalira maluwa alowe ndi chikwanje. Alendo akadzayamikira, yankhani modzichepetsa kuti, "Eee, timayesetsa ndithu." Mnyamatayo panthawiyi akhale kuseri, mikono yake ingasokoneze nkhani.

Mukayamba kukayika, limbani mtima pokumbukira anthu otchuka amene anakutsogolerani. Mu 1885 Luther Burbank, katswiri wa mbewu wa ku California, anayamba kufalitsa mtundu wina wa blackberry wa zipatso zikuluzikulu umene kwawo ndi ku Armenia. Anthu anaukonda, mbalame nazo zinaukonda, n'kumwaza njere paliponse pamene zadzithandiza. Lero mtunduwo waphimba magombe a mitsinje ndi malo opanda nyumba kuyambira ku Oregon mpaka ku British Columbia, ndipo ku Seattle anthu amachita kubwereka mbuzi ndi ndalama kuti zidzadye. Taganizani, mbuzi kulembedwa ganyu. Ku Australia amasimba za Ferdinand von Mueller, mkulu wa munda wa zomera wa ku Melbourne, kuti ankalimbikitsa kufesa blackberry m'tchire kuti apaulendo azipeza chakudya. Apaulendowo anakhuta, ndipo mu 1999 boma la dzikolo linaika mbewuyo pamndandanda wa zomera zovutitsa dziko lonse.

Ndiye musati izi n'zakutali. Amene anakwerapo phiri la Zomba amadziwa tizipatso tachikasu timene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wopita ku Ku Chawe. Timachokera ku Rubus ellipticus, wobadwira kumapiri a Himalaya ndi madera oyandikira, amene anakhazikika pa Zomba, pa Mulanje ndi ku Nyika, kumene akulanda malo a zomera zachilengedwe. Bungwe loteteza zachilengedwe la IUCN linamuika pakati pa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa m'dziko lachilendo. Ndi zomera zingati pakhomo panu zimene zili ndi wachibale wodziwika pa dziko lonse? Chinangwa chilibe.

Za matenda ndi tizilombo musataye nazo tulo, palibe chimene chidzakuthandizeni.

Tsiku lina mudzafuna kuchizula. Aliyense amafika pamenepo. Kudula pamwamba n'kuchisangalatsa chabe, chifukwa chimaphukanso ndi mphamvu zoposa kale. Pamafunika khasu, kukumba chitsa chonse ndi mizu yake, osasiya kachidutswa, ndipo zimene mwadulazo musaziunjike panthaka yonyowa, zingakuthokozeni pomeranso pomwepo. Mukamaliza mudzapume miyezi ingapo, kenaka mudzayang'ane kuseri kwa bafa.

Pofika nthawi imeneyi aneba aja adzakhala atabwera kale, mwendo uli magazi, kudzafunsa za chinthu chimene chatulukira pakati pa tomato wawo. Alandireni bwino, apatseni mpando, muwamvetsere mpaka amalize. Akatero muwauze mofatsa kuti, "Achimwene, mbewu imeneyo ku England amachita kugula. Koma poti ndinu aneba, ine sindikulipiritsani."