Ma GB Anga Wadya Ndani?

Ife akatswiri a pakhonde, amene maphunziro athu a kompyuta anathera pa kuzimitsa ndi kuyatsanso, tili ndi yankho limodzi pa vuto lililonse: onjezerani RAM. Ndine mmodzi wa iwo, ndipo ndimalangiza mokweza mawu. Tsoka lake n'lakuti munthu akaika ma GB 8 m'kompyuta ya Windows ya 32-bit, iyo imangoona atatu ndi kachidutswa. Pamenepo timathamangira kunena kuti wogulitsa watibera, kapena kuti achibale ena sakugona. Ine ndikuti wogulitsa msiyeni. Mlandu uli ndi masamu, amene ambirife tinalekana nawo mwamtendere ku pulayimale.

Purosesa sikhudza kanthu m'RAM popanda adiresi. Baiti iliyonse ili ndi nambala yake, monga mzere m'kaundula wa anyakwawa: banja lopanda mzere, ngakhale likhale ndi nyumba ya malata pakati pa mudzi, kuponi ya feteleza limangoimvera kwa anzake. Ndi mabiti 32 mungalembe manambala 4,294,967,296 basi, omwe ndi ma GB 4. Pa manambala amenewa, ena atengedwa kale ndi khadi la zithunzi ndi zida zina, n'chifukwa chake Windows XP inkaonetsa ma GB 3 kapena 3.5, enawo ali phee m'kati, kumangodya magetsi.

Wina wodziwa kuposa ine, ndipo oterewa ndi ambiri, anena kuti Intel inakonza kale zimenezi mu 1995. Sakunama. Purosesa yake ya Pentium Pro inabwera ndi PAE, imene inakweza adiresi kufika pa mabiti 36, kutanthauza ma GB 64, ndipo Linux ndi Windows ya maseva akuluakulu zinadyerera. Koma Windows ya kunyumba ya 32-bit Microsoft inaitsekera pa ma GB 4, ati mapulogalamu ena oyendetsa zida ankasokonezeka akaona adiresi yaikulu. Komanso pulogalamu imodzi ya 32-bit pa Windows nthawi zambiri imapatsidwa ma GB 2 okha, kaya mwiniwake wagulitsa mbuzi zingati kuti agule RAM. Choncho PAE inali chigamba. Njira yeniyeni inatseguka mu 2003 pamene AMD inatulutsa mapurosesa a Opteron ndi Athlon 64, a mabiti 64.

Apa ndiye masamu atuluka m'bwalo la milandu ali oyera, n'kulowa a zamalonda. Pa kompyuta yomweyo, purosesa yomweyo, Windows 7 Home Premium ya 64-bit inkaima pa ma GB 16, pamene Professional inkafika pa 192. Malire amenewa sanabadwe ndi mabiti ayi, anaikidwa ndi mtengo. Zimandipweteka mtima kwambiri kuti anandiletsa kupitirira ma GB 16, ine amene ngakhale anayi ndimachita kunenerera mpaka wogulitsa kutseka shopu.