Kagulidwe ka Galimoto Yothamanga Imene Sinayendepo

Galimoto yothamanga yogula kwa mwini wake ndi ija inapangidwira misewu ya ku Japan, n'kukalambira ku Lusaka, kenako n'kubwera kudzapumira ku Katete. Mitundu yodziwika ndi Toyota Altezza, imene inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, Toyota Mark X, imene inalowa m'malo mwa Mark II mu 2004 ndi injini ya V6 ya malita 2.5, komanso Subaru, imene anthu a ku Mkaika amaimva isananyamuke pa boma. Zonsezi ndi zazifupi msinkhu, mimba pafupi ndi dothi, ndipo singano ya liwiro imakalekera pa 180. Pa msewu wa ku Vubwi nambala imeneyi ndi yokongoletsa chabe.

Malonda ake amatentha kuyambira Juni mpaka Ogasiti, alimi akagulitsa soya, mpendadzuwa ndi chimanga. Loweruka lomaliza la Ogasiti kumakhala Kulamba, pamene mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzagwada kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, ndipo alipo amuna ena amene amaona kuti kufika kumeneko atapanikizana m'Canter n'kunyozetsa makolo. Wogula weniweni amakhala bambo wa zaka zopitirira 40, wa kamimba kotsogola, wolembako tinkhani m'nyuzipepala, amene kunyumba watsanzika kuti akukafunsa mtengo wa malata.

Chimene chimamukoka ndi mileage, nambala ya makilomita amene galimoto yayenda chibadwire. Mwachitsanzo, Mark X ya 2006 imatha kuonetsa makilomita 48,000. Kuchoka ku Katete kukafika ku Lusaka ndi pafupifupi makilomita 500, kupita ndi kubwera 1,000. Ndiye kuti galimotoyi, moyo wake wonse, inkayenda ulendo wa ku Lusaka kawiri kapena katatu pa chaka, masiku otsalawo n'kumangokhala pamthunzi. Pamenepo sitinawerengere makilomita pafupifupi 2,000 ochokera pa doko la Dar es Salaam, kudzera pa Nakonde mpaka ku Lusaka, amene galimoto zambiri zimayenda ndi matayala awoawo. Masamu amenewa mwana wa giredi 7 amawatha. Bambo amene wagwira kale makiyi m'manja sawatha.

Pa 1 Januwale 2013 dziko la Zambia linachotsa maziro atatu pa kwacha, K1,000 n'kusanduka K1. Mita ya galimoto nayo imalandira chithandizo chofananako, kungoti boma linachita poyera ndipo linachita kamodzi, pamene mnyamata wa laputopu kuseri kwa galaja amachita chitseko chotseka, nthawi iliyonse galimoto ikamasintha mwini.

Komabe galimoto siitha kubisa zaka zake zonse. Mphira wa pa buleki ukasalala mpaka chitsulo kuoneka, chiwongolero chikamanyezimira pamene manja amagwira, mpando wa dalaivala ukakhala ndi dzenje la munthu wina, ndiye kuti inayenda. Pachitseko kapena pansi pa boneti nthawi zina pamatsala kapepala ka Chijapani kosonyeza makilomita a tsiku losintha oyilo, ndipo manambala ake safuna womasulira. Chikalata chotulutsira galimoto ku Japan chimalembedwanso makilomita a pa shaken, kuyeza kwa boma kumene kumachitika galimoto ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse. Wogula wathu zizindikiro zonsezi amazidziwa, ndipo anzake pa bawo amawafotokozera bwino kwambiri. Iye akafika pa galimoto amamenya tayala ndi nsapato, n'kugwedeza mutu ngati wamva kanthu, basi kuyeza kwatha.

Wogulitsa amapezeka atayatsa kale injini kuti mlendo asamve chifuwa chake cha m'mawa, ndipo wailesi imakhala pamwamba. Mawu ake sasintha kuchokera ku Sinda mpaka ku Chipata.

“Akulu, iyi inali ya madamu. Ankangopita nayo kutchalitchi.”

“Nanga kanyali aka kakuyakirako chiyani?”

“Ako kamayaka kokha, abwana. N'kaulemu.”

Tchalitchi cha madamuwo sichitchulidwa kumene chili. Poona matayala, chiyenera kuti chili cha ku Tete. Akamayesa galimoto, wogulitsa amasankha yekha msewu: phula la Great East Road, pamalo owongoka, mawindo otsekula. Msewu wa fumbi wopita kwawo kwa wogula amati mafuta achepa. Ndipo nthawi zonse pamakhala munthu wina wa ku Petauke amene akubwera madzulo ano ndi ndalama m'chikwama. Munthu ameneyu sanaonekepo ndi maso, koma wagulitsa galimoto zambiri kuposa wina aliyense m'chigawo cha Kum'mawa.

Za mapepala n'zachidule. Pamafunika white book (buku la umwini wa galimoto), kalata yogulitsirana, makope a chitupa cha NRC, chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti galimoto si yakuba, za msonkho ku ZRA, kenako kusintha dzina ku RTSA. Nambala ya chesisi ndi ya injini ziyenera kufanana ndi za m'bukumo. Kawirikawiri white book imakhala kwa alamu ku Lusaka, ndipo alamuwo foni yawo inagwera m'madzi.

Moyo wa galimoto kwa mwini watsopano umayamba ndi hampu yoyamba ya pa Katete, imene amaikwera chopingasa, okwera onse atatsika, apongozi akuyenda wapansi kumbuyo ndi nkhuku yawo m'manja. V6 imamwa petulo mosayang'ana kuti ndalama za soya zimabwera kamodzi pa chaka. Ana a m'mudzi amaipatsa dzina, achibale amaiwerengera maliro ndi maukwati onse a chaka chimenecho, ndipo mayi a kunyumba amaiyang'ana kenako n'kuyang'ana denga. Kachipangizo kakafa, makaniko wa pa boma amati n'koitanitsa ku Lusaka pa basi. Kamabwera pakatha sabata, kali ka Corolla.

Mvula ikayamba mu Novembala, Altezza ndi Mark X zambiri zimaonetsa chibadwa chawo: mphamvu zili ku matayala akumbuyo, choncho pamatope zimavina ndi matako koma osasuntha. Apa pamabwera ng'ombe ziwiri za aneba, goli ndi tcheni cha pulawo, ndipo mtengo wake amakambirana mwini ng'ombe atakhala pansi, mwini galimoto ataimirira m'matope. Mita ya magetsi siwerenga kanthu kiyi ikakhala yozimitsa, kotero mtunda wonse woyenda ndi ng'ombe sulowa mu mileage.