Chikomekome cha Mkuyu wa ku Kabwe

Makolo athu, amene sanakwerepo basi kapena kumva kulira kwa foni, koma mtima wa munthu ankaudziwa bwino lomwe, anatisiyira mawu akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo kuyambira kale mwambi umenewu wakhala ukugwira ntchito imodzi yokha, ndiyo yochenjeza mnyamata amene wakomedwa ndi nkhope ya namwali pa chitsime, kapena munthu wogula ng'ombe yonenepa pa msika osaiyang'ana mano. Onse outchula amaima kumbali ya wakudya nkhuyu, namumvera chisoni kuti wanyengedwa. Koma mwa akuluakulu onse amene ndinawamva akuweruza milandu pa bwalo, palibe ndi mmodzi yemwe anafunsapo kuti nanga nkhuyuyo imati chiyani za khamu limene ladzaza m'mimba mwake, kapena kuti nyererezo zinalowamo ndi chilolezo cha yani. Mlandu umenewu ndifuna kuutengera ku Kabwe, pakuti kumeneko kuli mkuyu wotchuka koposa mikuyu yonse ya m'Zambia, ndipo kumapeto kwa Disembala kumafikanso nyerere zochuluka, ndiko kunena ife a kummawa, a ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Chipata, amene timapita kukadyera Nyuwere kwa abale athu a m'tauni.

Ndidziwa kuti a ku Lusaka, pondimva ndikutcha Kabwe mzinda waukulu, aseka mpaka kugwira nthiti, chifukwa kwa iwo Kabwe ndi pamene basi yopita ku migodi imaima kanthawi kuti anthu awongole miyendo. Koma ukulu wa mzinda umayesedwa ndi kumene mlendo wachokera. Munthu amene kwawo kuli chigayo chimodzi ndi kagolosale kotsekedwa mwini wake akapita kumunda, akafika pa malo pamene pali likulu la chigawo cha Pakati, likulu la njanji za dziko, mayunivesite a Mulungushi ndi Kwame Nkrumah, bwalo la timu ya Kabwe Warriors imene Godfrey Chitalu ankaisewerera mu 1972, chaka chimene anamwetsa zigoli 107, ndiponso ndende ya Mukobeko imene mbiri yake imaziziritsa nkhongono ngakhale za osalakwa, ameneyo ali ndi ufulu wonse wovula chipewa ndi kunena kuti wafika ku Yerusalemu. Mzindawu unabadwa chifukwa cha miyala: mu 1902 mzungu wina, T. G. Davey, anapezako mtovu ndi zinki, natcha malowo Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, ndipo dzina la Kabwe linakhazikika ufulu wa 1964 utabwera. Pakati pa tauni paima mkuyu umene eni ake amangoutcha Big Tree, wa nthambi zotambalala kotero kuti mudzi wathunthu ukhoza kuzengera mlandu mumthunzi mwake. Kale unali posonkhanira a ulendo ndi abulu awo onyamula katundu kupita kumpoto, lero boma limausunga monga chikumbutso cha dziko. Mzinda wonyadira mkuyu usakwiye tikaunenera mwambi wa mkuyu.

Tsono taonani atsibweni a ku Katete m'sabata la pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwere. Mvula yagwa, chimanga chafika m'mawondo, udzu nawo ukuthamangira kumwamba, ndipo khasu lililonse la m'mudzi lili pa ntchito yopalira; koma iwo, pokumbukira kuti mwana wa mlongo wawo, amene anamuphunzitsa ndi ndalama za thonje, ali pa ntchito ku Kabwe, amaona kuti kusapita kukamuzonda ndi tchimo la kutaya mbumba. Amamanga thumba la ufa, kathumba ka mtedza ndi tambala wofiira m'dengu, nakwera basi, nawoloka mlatho wa Luangwa kumene amagula nsomba zouma kuti fungo lake liwaperekeze ulendo wonse, nafika ku Lusaka kumene anyamata oitanira mabasi amawatcha abwana uku akukokera thumba la ufa kumpoto ndi tambala kummwera. Ndipo atayendanso makilomita pafupifupi 140, amagogoda pa chitseko dzuwa litalowa. Uthenga sanatumize, pakuti kwathu munthu sapempha chilolezo chokaona mwana wake.

Chaka chonse atsibweni akhala akuonetsedwa pa WhatsApp zithunzi za mnyamatayo ataima pafupi ndi galimoto yoyera, kumbuyo kwake geti lachitsulo lopakidwa utoto ndi maluwa ofiira. Usiku umenewo amadziwa kuti galimoto ija ndi ya abwana a kuntchito, geti lija ndi la munthu amene sadziwa n'komwe kuti anajambulirapo, ndipo nyumba yeniyeni ndi zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa nyumba ya eni, ku Katondo kapena ku Bwacha, mmene afikamo kale apongozi a ku Mkushi ndi mlamu ndi ana ake atatu.

"Mwafika, atsibweni! Bwanji osatiimbirako foni?"

"Ndikuimbire foni, mwana wanga, kodi ndine wa ngongole?"

Mayi wa pakhomo amagwada, nalandira tambala ndi manja awiri, maso ake akuwerenga mitu ndi kuiyerekeza ndi mphika. Ana amapereka moni m'Chibemba, nathawira kuseri kukaseka Chichewa cha agogo. Pofika mmawa atsibweni amakhala atazindikira zonse za m'kati: lendi ya miyezi iwiri yosalipira, ngongole ya kaloba imene inagula nsapato za ana za Khirisimasi, mayunitsi a magetsi amene akutha mofulumira chifukwa alendo onse afuna kutchaja mafoni, ndi thumba la makala lotsala pang'ono. Amapukusa mutu, nanena mwambi uja monga anaunenera makolo. Koma mnyamata uja, amene wasiya bedi lake kwa atsibweni nagona pansi pafupi ndi chitseko, pamene mphasa zayalidwa mpaka pansi pa tebulo kotero kuti wofuna kutuluka usiku ayenera kupepesa kwa mbumba yonse mmodzimmodzi, iyenso amanena mwambi womwewo chamumtima, koma nyerere zimene akuwerenga iye zili ndi mayina, ndipo zina zikuliza mkonono.

Usiku wa pa 31 Disembala mzinda umagawika mipingo iwiri. Dziko la Zambia, limene Pulezidenti Frederick Chiluba analilengeza kukhala la Chikhristu mu Disembala 1991, limakonda kuwoloka chaka lili m'mapemphero a usiku wonse; choncho m'matchalitchi, m'makalasi a sukulu ndi m'matenti mumadzaza anthu ovala zoyera, ndipo mneneri, thukuta lili kamukamu, amalengeza kuti chaka chikudzachi ndicho cha kutsekuka kwa makomo, monga analengezera chaka chatha ndi cha dzana, makomowo ali chitsekekere. Mpingo wachiwiri umasonkhana m'mabala, pamene Mosi ndi Chibuku zimayenda dzanja ndi dzanja, ndipo nawonso amaimba, amavina, ena amagwa pansi osagwiridwa ndi munthu pamutu. Zokuzira mawu za mbali zonse ziwiri zimalimbana m'mlengalenga kotero kuti atsibweni, amene anabatizidwa mu mpingo wa Reformed kumene nyimbo imayamba ndi kutha pa nthawi yake, sangathe kusiyanitsa kuti aleluya akuchokera kuti ndi nthungululu kuti. Alipo anthu a mtima wachilungamo amene amapembedza ku mpingo woyamba kufikira pakati pa usiku, kenaka n'kusamukira ku wachiwiri kufikira mbandakucha, kuti chaka chatsopano chisawapeze akukondera.

Ikakwana 12 koloko makombola amaphulika, magalimoto amaliza mahutala, ana amamenya zivindikiro za mapoto, agalu a mzinda wonse amalowa pansi pa mabedi a anthu osawadziwa. Atsibweni, atachira ku mantha oyamba, amafunsa mtengo wa khombola limodzi, ndipo atauzidwa amakhala duu, akuwerengera feteleza amene wapsera m'mwamba m'kamphindi kameneko. Amene anabwera kumapeto kwa 2024, chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba ndi magetsi atakhala mlendo wosowa m'dziko lonse, anayenda ulendo wonsewo kudzaona kuwala kwa m'tauni, nakadyera nsima pa kandulo, chinthu chimene akanachichita kwawo osalipira basi. Phokoso likatha amayang'ana uku ndi uku kufuna chimene chasintha, pakuti munthu sakuwa chotero popanda chifukwa. Koma denga likudonthabe pamene linkadontha, ndipo mwini nyumba, amene wangowakumbatira ndi kuwafunira mafuno abwino, wakumbutsa za lendi asanamalize kumwetulira. Kamodzi kokha m'masiku athu ano pakati pa usiku wa Nyuwere panachitika chozizwitsa chenicheni: pa 1 Januwale 2013 boma linachotsa maziro atatu pa kwacha, ndipo anthu amene anagona ali ndi miliyoni m'thumba anadzuka ali ndi 1,000, tindalama tachitsulo ta ngwee titauka kwa akufa.

Apa ndileke kaye nthabwala, chifukwa m'mkuyu wa ku Kabwe muli nyerere ina imene siseketsa. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma unasiya phiri la zotsalira limene anthu amalitcha Black Mountain, ndi fumbi la mtovu m'nthaka ya ku Kasanda, Chowa ndi Makululu, limene limalowa m'magazi a ana osewera pabwalo ndi kuwononga ubongo wawo mwakachetechete. Ofufuza akhala akutchula Kabwe pakati pa mizinda yoipitsidwa kwambiri pa dziko lapansi. Mlendo wa Disembala saona kanthu, chifukwa mvula yagoneka fumbi ndipo mzinda wabiriwira. Amene anadya chuma cha mgodi umenewo anapita kalekale, ndipo mlandu wake mpaka lero ukusowabe mwini.

Tibwerere kwa atsibweni, pakuti nawonso ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Akatswiri a zomera amatiuza kuti maluwa a mkuyu ali m'kati mwa nkhuyu momwemo, ndipo kuti tizilombo tambiri timene timapezamo tikaing'amba ndi timavu ting'onoting'ono, timene timalowa pa kabowo ka kunsonga titanyamula mungu wochokera ku mkuyu wina. Popanda ito, mbewu za mkuyu sizikhwima. Makolo anaona tizilombo nalavula, osadziwa kuti akulavula azamba a mtengowo. Momwemonso, pa 5 Januwale, malipiro a Disembala atatha, wa kaloba akuzungulira pakhomo, ana akufuna yunifolomu ndi makope ngakhale boma linachotsa fizi mu 2022, chimene chimaimika nyumba ya ku Katondo ndi thumba lija la ufa wa ku Katete, ndi mtedza uja wotendera masamba, ndi nsomba zija za pa Luangwa zimene onse anazitsekera mphuno tsiku loyamba. Tambala yekha ndiye sanaone chaka chatsopano.

Chovuta ndi kunyamuka. Makolo anati mlendo ndi mame, koma mwina ankanena mlendo wa mudzi woyandikana, wobwera ndi miyendo yake; mlendo wa basi sakamuka mpaka wina amugulire tikiti. Ndipo a ku Kabwe sangadzudzule munthu pa nkhani yochedwa ku ulendo, popeza nkhalakale ya mzinda wawo, munthu uja amene chigaza chake chinafukulidwa mu mgodi mu 1921, amene akatswiri amati anakhalako zaka pafupifupi 300,000 zapitazo, anatengedwa kupita ku London chaka chomwecho, ndipo ngakhale boma la Zambia lapempha kangapo kuti abwerere kwawo, wadyera kumeneko ma Nyuwere oposa 100 osapezeka womugulira tikiti. Poyerekeza ndi iyeyo, masabata awiri a atsibweni ndi kungolonjera.

Potsiriza mnyamata uja amapitanso kwa wa kaloba, nagula tikiti, nawonjezerapo shuga, sopo ndi chitenje cha azakhali, nanyamula chikwama mpaka pa siteshoni ndi nkhope ya munthu wachisoni koma mapazi opepuka. Atsibweni, atakhala pa mpando wa pawindo, amaiwala lendi, makala ndi denga lodontha. Akukonza kale zimene akanene pa bwalo, za moto wa mitundumitundu wophulika kumwamba ndi za mwana wawo amene mzinda wonse umamudziwa. Basi ikayamba kuyenda amatulutsa mutu.

"Mwana wanga, wandisunga bwino. Chaka chamawa ndidzabwera ndi azakhali ako ndi ana onse, nawonso adzaone makombola."

"Mukafike bwino, atsibweni, mukapereke moni kwa onse."

Ndipo pobwerera kunyumba amaima pa kasitolo ka m'mbali mwa msewu, nafunsa mtengo wa simu khadi yatsopano.