Ulemu upite kwa Shoti, mwini weniweni wa Pajero za ku Chisemphere

Pa bulubuku ya Pajero yakale ya ku Chisemphere pamalembedwa dzina la mlimi amene anaigula, koma wolamula kuti lero iyenda kapena iswera pansi pa mtengo wa mango ndi wina. Ameneyu amakhala kuseri kwa dashibodi, m'kati mwa mtolo wa mawaya wokulungidwa ndi tepi wakuda, ndipo amakaniko amamutchula kuti Shoti. Watukwanidwa mokwanira, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, pakuti kumpoto kwa Kasungu kuno zinenero ziwirizi zimakumana pa boneti imodzi. Yakwana nthawi yoti wina amunenereko zabwino.

Choyamba, Shoti ndi munthu woyenda. Galimoto zambiri zimene amakhalamo zinagwirako kale ntchito ku Japan, n'kukwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, kulowa m'dziko muno pa Songwe, kenako kutsetsereka ndi msewu wa M1 womwe umadutsa pa Chisemphere pomwepa. Zina zinayamba zatumikira mabungwe ndi maesiteti zisanagulitsidwe kwa mwini wachitatu kapena wachinayi. Chozifikitsa kumudzi ndi fodya. Kuyambira cha m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, yemwe kale anali wa eni maesiteti okha, mlimi wogulitsa bwino ku Chinkhoma kapena ku Kanengo wakhala akulota galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, yoti isamaope matope a February. Akaipeza, amapeza Land Cruiser ya mtundu wa 80, yomwe Toyota inkapanga kuyambira 1990 mpaka 1997, kapena Hilux Surf, kapena Pajero, imene Mitsubishi inayamba kupanga mu 1982 n'kuisiya mu 2021. Injini za dizilo za galimoto zimenezi sizifa wamba. Zikanakhala kuti mawaya akenso ndi otero, mwini wake sakanapatsanso moni munthu wapansi. Shoti ndiye amateteza mudzi ku matama oterowo.

Ndi wa banja lachifumunso. Land Rover, imene inayamba kutuluka mu 1948 ndipo inatumikira ma DC, amishoni ndi apolisi kuyambira nthawi ya Nyasaland, inkabwera ndi zamagetsi za kampani ya Lucas ya ku Birmingham. Eni galimoto ku England komweko anaipatsa kampaniyi dzina lachipongwe loti Kalonga wa Mdima, ndipo ankaseka kuti siwichi yake ya nyali ili ndi malo atatu: kuwala pang'ono, kuphethira, ndi kuzima. Defender yachikale yomaliza inatuluka m'fakitale ya ku Solihull mu January 2016, koma zidzukulu za kalongayo zidakali moyo m'midzi ya Kasungu.

Kunena zoona, Shoti amasenza milandu ya abale ake onse, ndipo sadandaula. Iye mwini ntchito yake ndi imodzi: pulasitiki wokuta waya akauma ndi kutentha kwa injini kwa zaka 30, n'kumakhuzika pa chitsulo nthawi iliyonse galimoto ikagunda bampu, mkuwa umatulukira n'kukhudza chigoba, moto n'kudutsa njira yachidule. Koma ali ndi mkulu wake, earth yochita dzimbiri. M'galimoto, moto wochoka ku batire umabwerera kudzera m'chigoba chenicheni, ndipo bawuti yolumikiza waya wobwererawo ikadyeka, motowo umafuna njira ina iliyonse. Apa ndiye pamabadwa luso losapezeka m'galimoto yatsopano. Dalaivala akaponda buleki, indiketa imayaka. Akayatsa indiketa, nyali zonse zakumbuyo zimaphethira pamodzi, moti wanjinga wobwera m'mbuyo amangoima n'kudikira kuti aone yekha kumene bwanayo akhotere. Palinso mng'ono wake, waya woduka m'kati pulasitiki ali bwinobwino, amene amagwira ntchito galimoto ili chiimire n'kuleka ikangoyamba kuyenda. Uyu ndi wamanyazi. Makaniko akafika, iye amachira.

Nyengo zonse za chaka zimamuthandiza. M'chilimwe fumbi la m'misewu yopita ku maesiteti limalowa m'mapulagi. Mvula ikagwa fumbilo limasanduka phala losunga chinyezi, ndipo mkuwa umachita zobiriwira. Pokolola, galimoto imene yanyamula mtedza ndi chimanga imaitana makoswe, omwe akatha zotsalira pansi pa mpando amamalizira ndi mawaya.

Opanga galimoto anaika mlonda woti azimugwira Shoti, ndiye fyuzi. Ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamadzipereka kupsa kuti mtolo wonse wa mawaya upulumuke, ndipo mitundu yake ili ndi tanthauzo: yofiira ndi ya maampu 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Fyuzi ikapsa kawiri pamalo amodzi ndiye kuti ikunena kuti pali waya wovulala. Mwini galimoto amamva zina. Amamva kuti fyuziyo ndi yofooka, choncho pa yofiira amaikapo yobiriwira, ndipo yobiriwira ikapsanso amakulungapo kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Fodya amene anachoka ku Kasungu m'mabelo amabwerako motero kudzamaliza galimoto imene anagula yekha. Pamenepo mlonda wachotsedwa ntchito, waya ndiye amatentha m'malo mwake, ndipo fungo la pulasitiki wopserera limadzaza m'galimoto. Ngakhale apa Shoti amasonyeza ulemu: amayamba wanunkha asanayatse moto, kupereka mpata woti wina athamange kukazula waya wa batire.

Pa nkhani yolemba anthu ntchito, mabungwe ambiri angaphunzireko kwa iye. Pa malo a malonda ngati Chisemphere, Nkhamenya kapena Chatoloma, mnyamata wodziwa mawaya safuna garaja. Chida chake chachikulu ndi babu wolumikizidwa ku mawaya awiri: akagusa pamene pali moto babu amayaka, pamene palibe amakhala chete. Wochitako bwino amakhala ndi mita, ndipo amadziwa kuti batire yodzadza imaonetsa mavoti 12.6, kuti injini ikamalira iyenera kufika cha pa 14, ndipo ikapanda kutero ndiye kuti alternator sikutchaja. Ena luso limeneli analitenga m'sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA, ambiri analitenga atagona chagada pansi pa chiwongolero. Amalumikiza popota ndi zala, n'kukulunga tepi, ndipo pakapita miyezi ingapo tepi uja amamatuka ndi kutentha, ntchito n'kubwereranso kwa mwini wake. Waya wofiira akasowa amaika wabuluu, moti wodzakonza pambuyo pake amayamba watha theka la tsiku akufufuza maganizo a mnzake. Onsewa amadya chifukwa cha Shoti.

Amadyanso anyamata okankha. Sitata ikangoti "tcha" osazungulira, pamafunika mapewa, ndipo galimoto yolemera matani awiri pa mchenga si ya anthu awiri. Madalaivala a ku Dedza ndi ku Ntcheu amangoimika pa chitsetse. Kuno dziko ndi lathyathyathya, choncho dalaivala wanzeru amadziwa chulu chilichonse ndi kamtunda kalikonse pakati pa kwawo ndi msewu wa tala, ndipo pa maliro kapena pa ukwati amafika msanga kuti alande malowo. Amene anagula ya otomatiki alibe ngakhale chitonthozo chimenechi. Iye amadikira wodutsa wokhala ndi mawaya ojampira.

Mwini galimoto, ngakhale amadandaula pagulu, mumtima amadziwa zimene Shoti amamuchitira. Pamudzi, wokhala ndi galimoto ndi wa aliyense: alamu akufuna kukatenga feteleza, atsibweni ali ndi mlandu kwa mfumu, a mpingo akupita ku msonkhano. Kukana n'kovuta. Koma mawu oti "pepani malume, yachita shoti" sakhumudwitsa munthu, ndipo palibe angawatsutse, chifukwa aliyense anaionapo ikuzima yokha pakati pa msewu. Wakuba naye amagwa mphwayi. Galimoto imene imalira pokhapokha ugwedeze kawaya kena pansi pa chiwongolero, kwinaku utaponda pakona pa kapeti, ili ndi loko woposa wa fakitale. Amayi a kunyumba nawonso amamuthokoza mwakachetechete, pakuti bambo amene nyali zake sizodalirika amabwerako ku Kasungu dzuwa lisanalowe, ngakhale ndalama za fodya zitangolowa kumene. Ndipo pa tsiku lokatenga COF, chiphaso chakuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, kapena poyandikira rodibuloko ya pa Jenda, Shoti amaphunzitsa kupemphera munthu amene abusa anamulephera.

Anthu amaiwalanso kuti nthawi zambiri iye amachita kuitanidwa. Wailesi yamphamvu, nyali zowonjezera pa bampala, potchajira mafoni a banja lonse, zonsezi zimalumikizidwa paliponse pamene papezeka moto, popanda fyuzi. Madzulo batire imazulidwa kukaonetsa mpira m'nyumba, m'mawa n'kubwezedwa ndi mitu yosamanga, yokhomeredwa ndi mwala. Land Cruiser ndi Nissan Safari zina za dizilo zochokera ku Japan zimayendera mavoti 24, mabatire awiri, ndipo wina amalumikizako wailesi ya mavoti 12 ku batire imodzi, n'kumadabwa kuti mabatire akutha msanga. Mlendo wolandiridwa chonchi angachoke bwanji?

Ali ndi tsiku lake loipa, ndipo womuyamikira asabise. Usiku umene mayi woyembekezera akufunika kufika ku chipatala cha mishoni ku Nkhamenya, nyali zikazima pakati pa minda, palibe amene amaseka. Galimoto yoima pafupi ndi chigafa chodzadza fodya wouma, ili ndi kapepala ka ndudu m'malo mwa fyuzi, ikhoza kutha ndi chuma cha chaka chonse.

Komabe amene akuganiza zothawira ku galimoto yatsopano ayambe waganiza kawiri. Kumeneko kuli mdzukulu wake wophunzira, wokhala m'kompyuta, amene salankhula ndi babu wa mawaya awiri; amafuna makina omuwerenga, ndipo kawirikawiri mwini amathera ku Lilongwe, galimoto ili pamsana pa lole. Shoti wa Pajero yakale amakambirana ndi anthu pansi pa mtengo, pa mtengo woti mlimi angathe. Eni galimoto a ku Chisemphere angomuchitira zinthu zitatu: akweche bawuti ya earth isanagwe mvula, amange mitu ya batire ndi sipanala, ndipo pa fyuzi yofiira abwezerepo yofiira.